Mabuku a masewero a nthano amene ndagula kuno ku Leeds

Abale anga kumudzi, mwakhala mukundifunsa zimene timachita kuno ku England nyengo yachisanu ikafika, pamene dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane ndipo munthu akaweruka amangodzitsekera m'nyumba. Anzanga ena a kuntchito amakumana Lachisanu madzulo kusewera Dungeons & Dragons, ndipo nditawaonerera kangapo ndinaganiza zogula mabuku ake kuti ndimvetse chimene chimawasunga patebulo mpaka usiku.

Masewerowa anawayambitsa Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America m'chaka cha 1974, ndipo lero ali m'manja mwa kampani ya Wizards of the Coast. Mabuku ake akuluakulu ndi atatu, ndipo ine ndagula amene anakonzedwanso mu 2024 ndi 2025: Player's Handbook la wosewera aliyense, Dungeon Master's Guide la wotsogolera nthano, ndi Monster Manual lofotokoza zilombo zopitirira 500. Lililonse lili ndi masamba opitirira 300, chikuto cholimba ndi mapepala osalala odzaza zithunzi, moti powanyamula onse atatu chingwe cha chikwama chinkandidula phewa. Mtengo wake ndi wowawa, makamaka kwa ife amene timayamba tatumiza ndalama kumudzi tisanaganize zathu.

Chimene chandigwira mtima ndi chakuti m'mabukumu mulibe nkhani yoti uwerenge kuchokera koyamba mpaka kumapeto, ndiponso pamasewerowa palibe amene amagonjetsa mnzake. Muli malamulo othandiza anthu kupeka nthano imodzi pamodzi. Kwathu agogo akamakamba nthano, ife omvera timangovomera kuti "tili tonse", koma pano womvera aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo amene amamuyankhulira ndi kumusankhira zochita. Munthuyo umamuumba wekha papepala, kumupatsa dzina, ntchito ndi manambala asanu ndi limodzi osonyeza mphamvu zake, changu, kulimba kwa thupi, nzeru, kuzindikira zinthu ndi chikoka. Wotsogolera akanena kuti mwafika pamtsinje wosefukira, iwe n'kuyankha kuti uwoloka posambira, umaponya dayisi ya mbali 20. Ngati iye waika malire pa 15, iwe n'kupeza 12 pamene mphamvu zako zikukuwonjezera 3, wawoloka. Ukapeza 4, madzi akukokolola ndipo anzako ayenera kupeza njira yokupulumutsira. Ngakhale wotsogolerayo sadziwa kumene nthano ithere, ndipo ndi pamenepa pagona kukoma kwake.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukaona zithunzi za zinjoka zolavula moto ndi anthu ochita zamatsenga mungade nkhawa kuti ndalowa zachilendo. Mantha omwewa anagwira makolo ndi mipingo ina ku America m'zaka za m'ma 1980. Ine ndawerenga masamba a zamatsengawo mosamala, ndipo ndapezamo makamaka masamu: mtunda umene mphamvuyo imafika, madayisi oyenera kuponya ndi manambala ochotsera mdani. Mulibe mizimu yeniyeni yoti uitane kapena mankhwala enieni oti upange.

Dandaulo langa lili pa Monster Manual. Zilombo zambiri n'zochokera ku nthano za ku Ulaya kapena zongopeka eni mabukuwo, ndipo potsegula tsamba ndi tsamba sindinapeze chimene ndinkachiopa ndili mwana. Mwamwayi, Dungeon Master's Guide limalimbikitsa wotsogolera kupanga dziko lake, choncho ndayamba kulemba ulendo wokwera phiri la Mulanje kulowera ku Sapitwa, kumene osewera adzakumane ndi Napolo akusamuka, miyala ndi matope zikugumukira kumidzi. Anzanga a kuno sanamvepo za Napolo, ndipo ndikufunitsitsa adziwe kuti nafenso tili ndi zoopsa zathu.

Chingelezi cha m'mabukuwa n'chovuta m'malo ena, pakuti muli mayina a zida zakale zankhondo amene sitinawaphunzire kusukulu. Amene mungafune kuyesa musathamangire kugula onse atatu, chifukwa malamulo oyambira amapezeka kwaulere pa intaneti, ndipo gulu la anthu anayi kapena asanu likhoza kuyamba ndi mapepala, mapensulo ndi dayisi ya pafoni.