Majorana 1 ya Microsoft, nyenyezi ziwiri basi

Anzanga, chip ija ya Microsoft ya kompyuta ya quantum (mtundu watsopano wa kompyuta) yomwe anaionetsa mu February 2025 ine ndikuipatsa nyenyezi ziwiri pa zisanu, musati ndi nsanje ayi. Nzeru yake ndiye yabwino zedi, amatenga tiwaya ta indium arsenide tokutidwa ndi aluminiyamu n'kutiziziritsa mpaka pafupi ndi -273°C kenako n'kuikapo mphamvu ya maginito, ndiye akuti kunsonga zonse ziwiri za kawayako kumabadwa tinthu ta Majorana togawana uthenga umodzi, moti chosokoneza chikagunda nsonga imodzi qubit, komwe ndi kachigawo kosunga uthenga mu kompyuta yotereyi, siionongeka msanga ngati ma qubit a mitundu ina. Koma ma qubit ake ndi 8 okha pomwe eni ake akulonjeza miliyoni pa chip yokwana m'dzanja!

Chondivuta n'chakuti akonzi a magazini ya sayansi ya Nature, omwe anasindikiza kafukufuku wa Microsoft pa nkhaniyi, ananena okha kuti zotsatirazo si umboni woti tinthuto tilipodi, ndipo paja pepala lina la kafukufuku la ku yunivesite ya Delft ku Netherlands la 2018 lokamba zomwezi linachotsedwa mu 2021. A ku yunivesite ya Princeton ku America nawo mu 2014 anayesa ndi maatomu a ayironi ondandalikidwa pa mtovu, mkangano wake sunathebe. Komanso chipyi simungaigule kapena kuiyesa pa intaneti.