Ntchito yoteteza nyama zakutchire: kuboma kapena kumabungwe?

Mukamaliza maphunziro ku LUANAR, ku Mzuni kapena kukoleji ya zankhalango ku Dedza, mungafunsire ntchito mbali ziwiri. Kuli boma, kunthambi yoona za malo osungirako nyama, yomwe imayang'anira Kasungu ndi Lengwe mwa ena. Kulinso mabungwe, monga Lilongwe Wildlife Trust ndi African Parks, yomwe ili ku Majete kuyambira 2003, ndiponso ku Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015.

Kalowedwe kake
Kuboma: mumadikira alengeze mipata, ndipo pamafunika kuleza mtima. Amayang'ana kwambiri mapepala asukulu.
Kumabungwe: amafuna zomwe mwagwirapo kale. Apa mpomwe ambiri amagwa. Ngati munawerengapo nyama m'tchire, mumatha kugwiritsa ntchito GPS (kachipangizo kolozera malo), muli ndi laisensi yoyendetsera galimoto, kapena munakhalapo pabwalo la mfumu kukambirana za njovu zowononga chimanga, lembani zimenezo poyamba penipeni m'kalata yanu. Nchifukwa chake kudzipereka mukadali pasukulu, ngakhale popanda malipiro, nkofunika zedi.

Kukhazikika
Kuboma: ntchito yokhalitsa, yokhala ndi penshoni.
Kumabungwe: nthawi zambiri ndi yakontirakiti, thandizo la ndalama likatha, nayonso ikhoza kutha.

Pa zipangizo, mabungwe amakhala bwinoko, ndipo luso mumaliphunzira msanga.

Amene muli ndi abale okudalirani ndipo mukufuna malipiro osadukiza, boma likuyenerani. Achinyamata okonda kafukufuku, osaopa kusamukasamuka, ndinganene kuti yambirani kumabungwe, koma boma likalengeza mipata, tumizaninso kalata kumeneko.