Malo Osungirako Mbiri ya Njanji ku Nairobi

Nairobi Railway Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1971 pafupi ndi siteshoni yakale ya sitima, imasunga bwino mbiri ya Uganda Railway, njanji ya mita imodzi m'lifupi imene boma la Britain linayamba kuyala ku Mombasa mu 1896 mpaka kufika ku Kisumu mu 1901. Panja paima mitu ya sitima zoyendera nthunzi, ikuluikulu yamtundu wa Garratt, koma chimene chinandigwira mtima ndi bogi imene mkango unatulutsamo Charles Ryall, mkulu wa apolisi a njanjiyi, usiku pa siteshoni ya Kima mu 1900. Wofikako asathamangire injini zokha ayi. Apatule nthawi yoyang'anitsitsa zithunzi zakale za antchito ochokera ku India, omwe analipo pafupifupi 32,000, ndipo mwa iwo pafupifupi 2,500 anafera pa ntchitoyo.