Kashopu ka ku Kamuzu Road komwe kanatichotsera chibokosi choyera pa logo

Amene mukufuna kusindikiza logo pa matisheti kuno ku Salima ndikuuzeni za kashopu kena kali ku Kamuzu Road, dzina sinditchula poti sanandilipire kuti ndiwatsatsire malonda kkkk, koma mukafunsa akabaza za mnyamata wosindikiza matisheti akulozerani.

Ife tili ndi timu ya ntchemberembaye ku Senga Bay ndipo msungichuma ndine, nde tinasonkherana tinagula matisheti 14 a buluu oti tiikepo logo yathu, chambo chikudumpha pamwamba pa mpira. Anatijambulira ndi mwana wa achemwali anga pafoni. Poyamba ndinapita kushopu ina, kuwatumizira chithunzi pa WhatsApp iwo osafunsa olo kanthu kungosindikiza, kutuluka chambo chathu chili mkati mwa chibokosi choyera ngati munthu wamata pepala pachifuwa. Kudandaula akuti mayi chithunzi chanu ndi mmene chabwerera. Mwayi inali imodzi yoyesera, pano ndimagonera.

Kwachiwiriku mnyamata atangotsegula chithunzi pa kompyuta anati asisi iyi ndi JPG, musataye ndalama, khalani kaye apa. Anandikokera mpando nkuyamba kundionetsa, ndipo apa mpomwe ndinamukondera chifukwa ena akaona mzimayi wachitenje amangoti simungazimve. Akuti JPG, womwe ndi mtundu wa fayilo ya chithunzi, siidziwa zoti pachithunzi pangakhale malo opanda kanthu, paliponse imafuna pakhale mtundu, nde kumbuyo kuja imangothirako zoyera ndipo makina nawo amasindikiza zoyerazo. PNG ndi fayilo ya mtundu wina, pamwamba pa mitundu itatu yopanga chithunzi, yofiira, yobiriwira ndi ya buluu, ili ndi chinanso chomwe amati alpha channel. Chimenechi ndi chomwe chimauza kadontho kalikonse ka chithunzi kuti kaoneke motani, 0 ndiye kosaoneka mpang'ono pomwe, 255 kooneka konse, zapakatipo nkumaonekera ngati nsalu yopyapyala. Nchifukwa chake m'mphepete mwa chambo mumatuluka mosalala. GIF nayo imatha kubisa kumbuyo koma kwa iyo kadontho nkooneka kapena kosaoneka basi, m'mphepete mumatsala ngati mano a sowo.

Amagwiritsa GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, osati Photoshop yomalipira mwezi ndi mwezi. Ndinaona ndi maso anga, anapita pa Layer, Transparency, kenako Add Alpha Channel, nkutenga ka Fuzzy Select kudina poyera paja nkukanikiza Delete. Zoyera zonse zii, kutsala timabokosi totuwa ngati bolodi ya drafuti, ine mtima phaa ndimvekere achimwene mwandionongera logo. Iye kuseka, akuti timabokosito sitisindikizika, timangosonyeza kuti apa palibe kanthu. Sanathamange ayi, anakulitsa chithunzi nkumachotsa tizoyera totsalira pakati pa zipsepse ndi kumchira kamodzikamodzi, mkati mwa zilembo ngati A ndi B namonso, malo oti ine sindikanawaganiza nkomwe. Pomaliza sanadine Save, akuti imeneyo mu GIMP imasunga fayilo ya XCF yoti udzapitirize ntchito tsiku lina, anadina Export As nkulemba .png kumapeto kwa dzina.

China chomwe ndinatolako, ndipo ichi anzanga a makwaya ndi mabanki mkhonde mumve, PNG ukaitumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba imapanikizidwa nkusanduka JPG, ntchito yonse ija kuthera m'madzi. Uzitumiza ngati Document. Anandichenjezanso za zithunzi zina zapa intaneti zolembedwa kuti PNG koma timabokosi tija tinachita kujambulidwa pachithunzi pomwepo, ukasindikiza wavala drafuti pachifuwa.

Tsono zoipa zake ndinenenso, ndisamangoyamikira ngati ndi mlamu wanga. Kashopuko nkopanikiza, anthu atatu mwadzadza, fani imodzi, ndi kutentha kwa Salima kuno umatuluka thukuta lili kamukamu. Mnyamatayo ali yekha, yemweyo fotokope, yemweyo kutaipira anthu makalata ofunsira ntchito, nde ukhala ukudikira ana asukulu akudutsa patsogolo pako ndi mapepala awo. Anandiuza kuti ndibwere Lachitatu, kufika magetsi athima ndipo jenereta alibe, thiransipoti yochokera ku Senga Bay kupita pachabe, olo kundiimbira foni osandiimbira, apa pokha anandikhumudwitsa. Ndinakatenga Lachisanu. Mtengo ndi wokwererapo kusiyana ndi koyamba kuja, kunenerera anangochotsa pang'ono, koma yokonza logo ija sanawerengere.

Matisheti anatuluka bho, chambo chili pabuluu penipeni ngati chili m'nyanja, tachapa kangapo sichinasuwe. Fayilo ya PNG ndi ya XCF yomwe anandiikira pa fulashi osachita kupempha, pomwe ena amakaniza dala kuti uzibwerera kwa iwo. Ndidzapitanso mwezi wamawa ndi bana ya timu, koma ulendo uno ndiyamba ndaimba kufunsa ngati magetsi alipo ndisanakwere galimoto.