Bokosi la Mafyuzi: Likhale ku Injini Kapena Lilowe M'kati?

Mukamasintha mawaya onse a galimoto yakale, funso la bokosi la mafyuzi silithawika.

Kulisiya pansi pa boneti kuli ndi ubwino wake. Galimoto imaoneka monga inachokera kufakitale, ndipo ogula magalimoto akale amaziyang'ana zimenezo. Mawaya opita ku nyali zakutsogolo, hutala ndi fani amakhalanso aafupi. Vuto ndi malowo: kutentha, chinyezi, mafuta. Timapini togwira mafyuzi agalasi timachita dzimbiri, timakhwepa, nyali n'kumaphethira popanda chifukwa chooneka. Komanso mabokosi akalewo ndi aang'ono. Magalimoto oyambirira a MGB, a ku Britain, anali ndi mafyuzi 2 okha.

Kulilowetsa pansi pa dashibodi ndiko ndingasankhe pa galimoto yoyendera masiku onse. M'kati ndi mouma, simutentha, ndipo masiwichi ambiri ali pomwepo. Mungaike bokosi la mafyuzi apulasitiki obaya aja, opezeka paliponse, njira iliyonse ya magetsi n'kukhala ndi fyuzi yakeyake. Koma ntchito ndiye ilipo. Waya wochokera ku batire akatalika amataya mphamvu, choncho ayenera kukhala wonenepa. Pafunikanso fyuzi yaikulu pafupi ndi batire penipeni, apo ayi waya wonsewo ulibe chitetezo, ukakhudza chitsulo ndi moto. Pomwe wayawo ukuboola khoma lolekanitsa injini ndi okwera, ikani mphira kuti usadulike. Ndipo bokosilo musalibise kwambiri, fyuzi imapsa usiku, inu mutagwada ndi tochi.

Za kubuti, ganizirani pokhapokha ngati batire nalo lili komweko.