Zaka zitatu tikuonera nkhani ndi pulogalamu ya mbiri pa kanema wamng'ono uja: nyenyezi zitatu pa zisanu

Dikoda ndinagula mu 2022 chifukwa cha bambo anga. Atapuma ntchito ya uphunzitsi anabwera kudzakhala nafe, ndipo tsiku lonse ankangokhala pakhonde, wailesi ili pakhutu. Ndinati bola azionako nkhope za anthu amene amawamva akulankhulawo. Pa mawailesi a kanema onse otuluka pa dikodayo, pali imodzi yaing'ono imene tinaizolowera. Dzina lake sinditchula, poti zina zomwe ndinene pano si zokoma, komanso anyamata ndi atsikana a kumeneko amaoneka kuti akulimbana ndi ntchito yaikulu ndi zipangizo zochepa. Ndikamba za zinthu ziwiri zimene timaonera pafupifupi osaphonya: nkhani za madzulo, ndi pulogalamu ya mbiri ya dziko lino ya Lamlungu.

Kuti mumvetse chifukwa chake pulogalamu ya mbiriyi ndimaiwerengera kwambiri, kumbukirani kuti kanema m'Malawi ndi wadzana. MBC inayamba mu 1964 ngati wailesi ya mawu okha, ndipo zaka 30 zonse za ulamuliro wa Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, nthawi ya Bakili Muluzi, kenako inadzaphatikizidwa ndi MBC. Enawa, monga Luntha ya ku Balaka, Times ndi Zodiak, anabwera pambuyo, atalandira ziphaso kwa MACRA. Ndiye kuti zinthu zikuluzikulu zimene zinaumba dziko lino zinachitika kamera yathu palibe. Zithunzi zoyenda zochepa zomwe zilipo anajambula ndi atsamunda kapena a boma, ndipo iwo ankajambula zimene ankafuna kuti zionekere. Zotsalazo zili m'mitu mwa agogo athu, ndipo agogowo akutha mmodzimmodzi.

Anthu a pulogalamuyi nthawi zina amaoneka kuti akuzidziwa zimenezi. Mu January amapanga ya John Chilembwe, ndipo ya chaka choyamba chomwe tinaonera inandikhutiritsa. Anapita okha ku Mbombwe ku Chiradzulu, pa Providence Industrial Mission, m'malo mongokhala mu situdiyo. Anafotokoza thangata mwa njira yoti mwana wanga wa Sitandade 7 anamva: munthu kugwira ntchito pa esiteti ya mzungu ngati lendi ya malo amene akukhalapo. Anatchula kalata imene Chilembwe analemba mu 1914 yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo yomwe si yawo. Anasiyanitsanso tsiku la tchuthi la 15 January ndi tsiku limene kuukirako kunayamba, 23 January 1915, usiku umene William Jervis Livingstone anaphedwa ku Magomero. Ambiri timangosakaniza masiku awiriwa. Chodandaulitsa n'chakuti chithunzi cha Chilembwe chinali chimodzimodzi chija timachidziwa tonse, akuchiyandikitsa, akuchitalikitsa, akuchiyandikitsanso, mpaka theka la ola kutha. Apa sindiwaimba mlandu kwenikweni. Zithunzi zake n'zochepa basi.

Imene sindidzaiwala ndi ya mu March, ya tsiku la anthu ofera dziko. Anapita ku Nkhata Bay, komwe pa 3 March 1959 asilikali anaombera anthu amene anasonkhana padoko pofuna kuti abale awo omangidwa, omwe anali m'sitima ya Mpasa, amasulidwe. Ndi tsiku lomwelo limene bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, Kamuzu n'kumangidwa kupita naye ku ndende ya Gwelo, m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Anapeza gogo wina wamkazi amene anali mtsikana nthawi imeneyo. Anakhala pamkeka, miyendo atatambasula, akulankhula Chitonga, mawu a Chichewa akulembedwa m'munsi. Sankathamanga. Ankati akanena chiganizo chimodzi n'kukhala kaye duu, akuyang'ana kunyanja, dzanja likusisita bondo. M'nyumba mwathu munali zii, ngakhale ana anasiya kulimbirana mpando. Gogoyo atangoyamba kufotokoza mmene anthu anathawira mfuti zitalira, chithunzi chinaduka. Kunabwera malonda a sopo, a ngongole za pafoni, ndi a mneneri wina woitanira anthu ku msonkhano wa machiritso. Malonda atatha anabwerera ku situdiyo, wowulutsa n'kuyamba kupereka moni kwa amene atumiza mauthenga. Gogo uja sanaonekenso.

Bambo anangodzuka n'kukakhala panja. Ine ndinakwiya mpaka mawa lake. Ndikudziwa kuti kanema amadya malonda, kopanda malonda kulibe malipiro. Koma munthu wayenda ulendo wonsewo, wapeza mboni yoona ndi maso, mwina yomaliza m'mudzimo, n'kuipatsa mphindi zinayi, pomwe mlendo wovala suti amene anangowerenga nkhaniyo m'buku wapatsidwa mphindi makumi awiri? Kumeneko ndi kutaya bomwetamweta. Ngati zotsala za gogoyo zili pa kompyuta ina kumeneko, chonde zisafufutidwe pofuna malo osungira mpira.

Vuto lina ndi kufufuza. Pa pulogalamu ya riferendamu, wowulutsa wachinyamata ananena kawiri konse kuti Amalawi anasankha Muluzi mu 1993. Bambo anamenya tebulo. "Mwana uyu ndani anamuphunzitsa? Pa 14 June 1993 tinkasankha nyali kapena tambala wakuda, zipani zambiri kapena chimodzi. Pulezidenti tinasankha pa 17 May 1994!" Ndinati, "Bambo, sakukumvani." Iwo anati, "Ndiye alembereni." Ndinalembadi pa tsamba lawo la Facebook, mwaulemu, koma sanayankhe, ndipo atabwereza pulogalamuyo patatha miyezi cholakwikacho chinali chikhalirecho. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March 1992 anaifotokoza bwino, ndiwayamikire pamenepo. Koma pali malo amene amadutsapo monyang'ama ngati akuponda minga. Kusamvana kwa nduna ndi Kamuzu mu 1964, kumene kunachotsa m'boma anthu ngati Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Masauko Chipembere, anakupatsa ziganizo zitatu. Imfa ya nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, komanso phungu David Chiwanga ku Mwanza mu 1983 sindinaimvepo ikukambidwa mwakuya pa zaka zitatu zonsezi. Ana athu akaimva kuti?

Tsopano nkhani za madzulo. Apa ndiye ndili ndi mitima iwiri.

Masiku ambiri nkhani zawo ndi za misonkhano. Nduna yatsegulira msonkhano ku hotela, mkulu wa bungwe wapempha anthu kuti agwirane manja, kampani yapereka cheke chachikulu ngati chitseko. Kamera imayenda pa nkhope za anthu okhala m'mizere, ena akusinza, mabotolo a madzi ali ndandanda patebulo. Nkhani ya feteleza imakambidwa ndi mlendo wolemekezeka, mlimi osaoneka. Nkhani ya kusowa kwa mankhwala imakambidwa ndi mneneri wa ofesi, wodwala osafunsidwa. Aliyense amadziwa chifukwa chake: wokonza msonkhano amatumiza galimoto kudzatenga atolankhani, pomwe kupita kumudzi kumafuna mafuta a kampani. Komabe woonera amatopa, ndipo pofika nkhani yachinayi ine ndimakhala ndili pafoni.

Chichewa chake nachonso chimandipweteka m'makutu. Zimamveka kuti nkhani amayamba kulemba m'Chingerezi, wina n'kuzitembenuza mothamanga, liwu ndi liwu. Mawu onse ndi Achichewa koma chiganizo sichikuyenda, moti agogo a kumudzi angamve liwu lililonse koma osatola kanthu. Manambala ndiye amangowawerenga m'Chingerezi popanda kufanizira ndi chilichonse. Ukauza munthu kuti bajeti ya unduna ndi mabiliyoni akutiakuti, muuzenso ngati ndalamazo zakwera kapena zatsika poyerekeza ndi chaka chatha, apo ayi wangomuopseza ndi ziro. Pali mayi mmodzi yekha wowerenga nkhani amene amaoneka kuti amakonza yekha pepala lake asanalowe mu situdiyo. Akamawerenga iyeyo bambo amakweza mawu a kanema.

Zing'onozing'ono ziliponso: nkhani kuyamba mochedwa ndi mphindi zisanu kapena khumi, mawu a malonda kuphulika pomwe a mtolankhani akumveka ngati ali m'chitsime, dzina lolembedwa m'munsi kukhala la munthu wina. Izi tinazolowera.

Koma anthu omwewa ndi amene anandigwira mtima mu March 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Masiku amenewo magetsi kunalibe, tinkaonera pa batire ya sola, kuzimitsa nkhani zikangotha kuti isathe moto. Mtolankhani wawo anali mnyamata woonda, atavala jombo ndi pepala la pulasitiki m'malo mwa jekete la mvula, matope mpaka m'mawondo. Sanayembekeze nduna. Ankafunsa anthu amene ankakumba ndi makasu, ankatchula masukulu ndi matchalitchi komwe anthu athawira, misewu imene yaduka, ndi zomwe zikusowa pa msasa uliwonse. Chichewa chake tsiku limenelo chinali chosalala, chifukwa panalibe pepala lomasulira, ankangonena zimene akuona. Mlamu wanga anadziwira pamenepo koyambira kufunafuna mng'ono wake, ndipo anamupeza wamoyo pa sukulu ina. Anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno ndi namondweyo, ndipo sabata imeneyo kanema wamng'onoyu anagwira ntchito yomwe ndinagulira dikoda. Nyenyezi imodzi mwa zitatuzi ndi ya mnyamata ameneyu.

Pa ndale ndinganene kuti amayesako kupatsa mbali zonse mpata, makamaka nthawi ya kampeni, ngakhale mafunso awo amakhala ofewa. Wandale akazemba funso, wofunsa amangoti "zikomo bwana" n'kupita pa lotsatira.

Kwa amene akufunsa ngati n'koyenera kumaonera: pulogalamu ya mbiri ionereni ndi ana, koma pakhale wamkulu pafupi wowongola zaka zikasokonekera. Nkhani za madzulo zionereni kukachitika chinthu chachikulu, masiku enawo mitu yokha ikukwanirani. Chithunzi chimaoneka bwino mlongoti ukakhala pamwamba pa denga; wathu unali m'nyumba poyamba ndipo nkhope zinkasweka timabokositimabokosi mvula ikangoyamba.

Lamlungu lapitali anabwerezanso ya Chilembwe ija, kachitatu tsopano, mwezi usali January n'komwe. Bambo anaonera mpaka pamene chithunzi chija chinayamba kuyandikira, kenako anatenga wailesi yawo n'kutuluka pakhonde. Ali ndi kope lomwe akulembamo zimene akukumbukira za tsiku la riferendamu, ndipo akuti ndiwapezere nambala ya wokonza pulogalamuyo. A kanemawo ndawatumizira uthenga kawiri.