Camry ya ku Kentucky, Ford ya ku Mexico

Achimwene anga sasiya kundifunsa pa WhatsApp kuti, poti ndili ku dziko la eni magalimoto, ndikuyenderanji Toyota m'malo mogula galimoto yeniyeni ya ku America. Akufunanso kuti ndiwatumizire Dodge Charger. Funsoli ndaliyankha kangapo mwachidule, koma sakukhutira. Ndiye ndati ndilembe pano kuti nawonso ena amene amandifunsa zomwezi amve.

Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, pafupi ndi malire a Michigan. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba ndi olumala m'nyumba zawo, ndipo tsiku lina ndimayendera nyumba zitatu. Kuno wopanda galimoto ali ngati wopanda miyendo. Basi ilipo, koma sifika kumene makasitomala anga amakhala, komanso nthawi yoyamba ntchito siyembekeza munthu. Galimoto ikakana kulira m'mawa, tsiku limenelo malipiro apita. N'chifukwa chake nkhani imeneyi ndinaiphunzira ndi thumba langa.

Anthu kuno amagawa magalimoto pawiri. Pali za kwawo, zimene amatanthauza za makampani a ku Detroit, mzinda wa ku Michigan: Ford, General Motors amene amapanga Chevrolet ndi Buick, ndi Chrysler pamodzi ndi Dodge. Kenako pali zakunja: Toyota, Honda, Nissan, Subaru, Hyundai, Kia, Volkswagen ndi zina. Kwa ena kusiyana kumeneku n'kwa mumtima. Mnzanga wina wa kuntchito, amene bambo ake anakalambira m'fakitale ku Michigan, atandiona ndi Toyota anapukusa mutu n'kunena kuti ndikulanda ntchito ana a eni dziko. Sindinamuone ngati wamwano. Mzinda uno unali ndi kampani yakeyake ya magalimoto, Studebaker, ndipo fakitale yake itatsekedwa mu December 1963 anthu masauzande anasowa pogwira. Mabanja ena chilondacho sanachiiwale.

Koma tinapita limodzi pagalimoto yanga n'kumuonetsa nambala imene ili pansi pa galasi lakutsogolo, mbali ya dalaivala. Amaitcha VIN, ili ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo choyamba chimaulula dziko limene galimoto inalumikizidwira. Ikayamba ndi 1, 4 kapena 5 ndi ya ku United States, 2 ndi Canada, 3 ndi Mexico, J ndi Japan, K ndi Korea, W ndi Germany. Camry yanga imayamba ndi 4, chifukwa Toyota yakhala ikupanga Camry ku Georgetown, Kentucky, kuyambira 1988. Ford Fusion yake imayamba ndi 3. Inachokera ku Hermosillo, ku Mexico. Anaseka mpaka kutsokomola.

Si Toyota yokha. Honda inayamba kupanga Accord ku Marysville, Ohio, mu 1982, ndipo muno mu Indiana momwemo ili ndi fakitale ku Greensburg, pamene Subaru ili ku Lafayette. Dodge Charger ndi Chrysler 300 zimene mumaziona m'mavidiyo a nyimbo, zimene mumati ndiye America weniweni, zinkalumikizidwa ku Brampton, ku Canada. Ndiye mawu akuti "ya kwathu" ndi "yakunja" akunena za kumene kuli likulu la kampani, osati manja amene anamanga galimotoyo.

Chinanso chimene mwina simukuchidziwa n'chakuti ma saluni a ku Detroit akutha. Anthu kuno anathamangira ma pikapu ndi ma SUV. Ford inalengeza mu 2018 kuti isiya ma saluni, ndipo Fusion yomaliza inatuluka mu 2020, chaka chomwe Chevrolet Impala inathanso. Chrysler 300 inatha kumapeto kwa 2023, Chevrolet Malibu n'kutsatira mu 2024. Wofuna saluni yatsopano ya mtengo wa munthu wamba lero amangopezeka pakati pa Camry, Accord, Corolla, Civic, Sonata ndi zinzake. Mpikisano weniweni watsala pamsika wa zogwiritsidwa kale ntchito, kumene ife obwera timagulako.

Za mphamvu sindichedwapo. Ndinayendetsapo Charger ya mnzanga, ya injini ya V8 ya malita 5.7, mahatchi 370 (mahatchi ndi muyeso wa mphamvu ya injini). Ukaponda, msana umamatirira kumpando ndipo phokoso lake limakoma. Palibe Camry imene ingakupatse zimenezo, ngakhale ya V6 ya mahatchi 301. Koma pakati pa ma saluni wamba nkhani imatembenuka: Camry ya malita 2.5 ya zaka za 2018 mpaka 2024 ili ndi mahatchi 203, pamene Malibu ya malita 1.5 ya turbo ili ndi pafupifupi 160. Ndipo liwirolo ulithamangira kuti? Apolisi ali pamsewu, tikiti imakweza inshuwalansi, ndipo mphamvu ya Charger wamba imapita kumatayala akumbuyo, zimene pa chipale chofewa chochokera ku nyanja ya Michigan zimakuvinitsa gule amene sunamuphunzire.

Pa mafuta mpofunika kumasulira kaye. Kuno sanena malita ndi makilomita, amanena mamailosi pa galoni. Galoni yawo ndi malita 3.785, mailo imodzi ndi makilomita 1.6. Bungwe la boma la EPA ndi limene limayang'anira kuyezako, ndipo manambala ake amamatidwa pagalasi la galimoto yatsopano iliyonse. Camry ya malita 2.5 ndi Malibu zimene ndatchulazi zonse zili cha pa mamailosi 30 mpaka 32 pa galoni, kutanthauza makilomita pafupifupi 13 pa lita. Mwaona? Pamenepa ya ku Detroit ndi ya Chijapani sizikusiyana kwenikweni. Charger ya V8 ija ili pa 19, makilomita 8 pa lita. Kusiyana kwakukulu kumabwera ndi hybrid, ija ya injini ya petulo yothandizana ndi batire. Camry ya 2025 imangotuluka ya hybrid basi, ndipo yotsika mtengo yake ili pa 51, pafupifupi makilomita 22 pa lita. Manambalawa ndi a papepala. M'nyengo yozizira, pamene umasiya galimoto ikulira pakhomo kuti madzi oundana asungunuke pagalasi, thanki imatha msanga kaya baji yake ndi ya ndani.

Kulimba ndiye kumene ndinalumidwa. Galimoto yanga yoyamba, imene dzina lake ndi malo amene ndinaigula ndisunga mumtima, inali yonyezimira, mipando yachikopa, mtengo wotsika moti ndinaganiza kuti Mulungu wandikumbukira. Sindinafunse mbiri yake. Sindinaikweze kuti makaniko aione kunsi. Patatha miyezi isanu giyabokisi inayamba kugwedezeka ndikanyamuka pa maloboti, kenako tsiku lina usiku inangosiya kukoka ndili pakati pa minda ya chimanga, kunja kukuzizira koopsa. Makaniko ataikweza anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Kunsi konse kunali dzimbiri, mapaipi a mabuleki atadyeka. M'zigawo zakumpoto zino amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, ndipo mcherewo umadya chitsulo popanda kufunsa kuti chinachokera ku Detroit kapena ku Nagoya, ku Japan. Mtengo wokonzera unaposa umene ndinagulira. Ngongole ndinamaliza kubweza galimoto itapita kale ku sikirapu.

Chimene chimapweteka kuno ndi dzanja la makaniko. Amalipiritsa pa ola, ndipo madola oposa 100 pa ola si zachilendo. Kuwotcherera kwa pansi pa mtengo kulibe. Ndiye galimoto yokonda galaja imakudya kawiri, pa bilu ndi pa masiku amene sunapite kuntchito. Apa ndivomere kuti mbiri ya Toyota ndi Honda si mphekesera. Magazini ya Consumer Reports, imene imafunsa eni magalimoto chaka ndi chaka, kawirikawiri imaika Toyota ndi Lexus pamwamba kapena pafupi ndi pamwamba. Koma msika nawo ukudziwa zimenezo. Camry ya zaka zisanu imagulitsidwa modula kuposa Malibu kapena Fusion ya chaka chomwecho ndi mtunda womwewo. Mayi wina wa kumpingo kwathu anagula Buick kwa agogo amene ankangopita nayo kutchalitchi ndi kuchipatala, mapepala onse a sevisi ali mu envelopu, ndipo mpaka lero sinamuvutitse. Iye analipira zochepa kuposa ine. Komanso si zakunja zonse zili ndi mtendere: ma Hyundai ndi Kia ambiri a zaka za 2011 mpaka 2021 anatuluka opanda chipangizo choletsa injini kulira popanda kiyi wake, achinyamata anaonetsana pa intaneti mmene angawabere, ndipo m'mizinda ina makampani a inshuwalansi anayamba kuwakana.

Pogula Camry iyi ndinachita zimene ndinalephera poyamba. Ndinatenga VIN n'kugula lipoti la Carfax kuti ndione ngozi ndi eni ake akale, ndinalipira makaniko wanga kuti aikweze, ndipo ndinaimbira a inshuwalansi ndisanasaine chilichonse. Inakulira ku Tennessee, kumene mchere sathira kwambiri, ndipo kunsi kunali koyera. Pano yadutsa mamailosi 180,000. Ndasintha oyilo, matayala, mabuleki, batire kawiri ndi pampu ya madzi kamodzi.

Achimwene, za kukutumizirani Charger zija, kumbukirani kuti chiongolero chake chili kumanzere. Mukafuna kupitirira lole mudzidalira wokhala pampando winawo kuti akuuzeni ngati kutsogolo kukubwera galimoto, ndipo ine mlamu wanga sindikufuna kumupatsa ntchito imeneyo.